Kodi zaka zolembedwa pa botolo la wisiki wa single malt zimamveka bwanji m'kamwa?

Mlawi Watsopano

Akuluakulu nonse amene mumadziwa za wisiki, ndikupempha kuti mundiunikire pa nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu. Ndayamba kulawa single malt wa ku Scotland mwachidwi, osati pofuna kuledzera ayi, koma pofuna kumvetsa chimene chimachititsa kuti anthu ena azimulemekeza kwambiri, ndipo ndaona kuti aliyense akamakamba za wisiki ameneyu amathamangira kutchula zaka: uyu ndi wa zaka 12, uyo ndi wa zaka 18, winayo ndi wa zaka 25, ngati kuti nambalayo payokha yafotokoza kale zonse.

Ndinalawa mabotolo awiri ochokera ku fakitale imodzi, lina la zaka 12 ndi lina la zaka 18, ndipo kusiyana ndinakumva ndithu, koma kufotokoza kuti kwagona pati kunandivuta. Wa zaka 12 anali ndi kafungo kotsitsimula ka maapozi ndi uchi, kukoma kwa chimera kunkamveka poyera, ndipo ankaluma pang'ono pakhosi. Wa zaka 18 anali wofatsa, wakuda pang'ono, wa fungo lozama la zipatso zouma ndi matabwa, koma chimera chimene ndinachikonda mwa woyamba uja chinali chitabisala. Amene ndinkalawa nawo onse anagwirizana kuti wa zaka 18 ndiye woposa, pamene ine mtima wanga unatsalira kwa wamng'onoyo.

Choncho ndikufuna kudziwa chimene chimachitika mumgolo m'zaka zonsezo, makamaka chimene mphuno ndi lilime zingathe kuzindikira. Kodi ndi zoona kuti zaka zikamachuluka kukomanso kumangowonjezeka, kapena pali malire amene wisiki akawadutsa amayamba kutaya zabwino zake? Nanga munthu amene akuphunzira angasiyanitse bwanji zimene zachokera ku mtengo ndi zimene zachokera ku chimera ndi katchezedwe? Ndidzathokoza kwambiri mukandiyankha mofatsa, chifukwa sindikufuna kumangobwereza zimene ena amanena popanda kuzimva ndekha.

Mkulu wa Migolo

Achimwene, lilime lanu silinakunamizeni, ndipo zimene mwafotokozazo ndi zimene zimachitikadi, pakuti zaka zimapatsa koma zimalandanso. Ndiyambe ndi lamulo, chifukwa ndi limene limatiuza zimene nambala ya pa botolo ikulonjeza. Malamulo a wisiki wa ku Scotland a chaka cha 2009 amati single malt apangidwe pa fakitale imodzi, ndi madzi ndi chimera cha balere chokha popanda mbewu ina, atchezedwe m'miphika yotchezera, kenako akhale m'migolo ya mtengo wa oki yosapitirira malita 700, m'dziko la Scotland momwemo, kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo polowa m'botolo ukali wake usatsike pansi pa 40 peresenti. Nambala ya zaka ndi ya wisiki wamng'ono kuposa onse amene alowa m'botolomo. Eni fakitale amasakaniza migolo yambiri kuti apeze kakomedwe kamene akufuna, kotero botolo la zaka 18 likhoza kukhala ndi wisiki wa zaka 20 kapena kuposerapo, koma wa zaka 17 saloledwa ngakhale dontho. Lonjezo la nambalayo limathera pomwepo. Siikuuzani kuti mgolo unali wa mtengo wochokera kuti, munali chiyani kale, unagwiritsidwapo ntchito kangati, kapena unasungidwa malo otani, chonsecho zimenezi ndi zimene zimaumba kakomedwe.

Wisiki akamatuluka mumphika sakhala ndi mtundu uliwonse, ukali wake umakhala pafupifupi 70 peresenti, ndipo mafakitale ambiri amathiramo madzi mpaka ufike pa 63.5 peresenti asanamuthire mumgolo. Pa nthawi imeneyo amakhala wolusa, wa fungo la chimera ndi zipatso zosapsa, nthawi zina ndi kafungo kosasangalatsa ka sulufule. Ntchito yoyamba ya mgolo ndi kuchotsa. Migolo yambiri imatenthedwa mkati mpaka matabwa achite makala, ndipo makala amenewo amayamwa fungo la sulufule lija, n'chifukwa chake kuluma kumachepa kwambiri m'zaka zoyambirira.

Pamene izi zikuchitika mtengo nawo umakhala ukupereka zake. Moto umene amatenthera matabwa umaphwanya tinthu tina ta mumtengo n'kutisandutsa zinthu zonunkhira ngati vanila ndi shuga wopserera pang'ono, ndipo nyengo ikafunda wisiki amafutukuka n'kulowa m'timibowo ta matabwa, ikazizira amabwerera atatenga zinthu zimenezo pamodzi ndi mtundu. Komanso mgolo umapuma. Ku Scotland pafupifupi 2 peresenti ya zimene zili mumgolo zimauluka chaka chilichonse, zimene kumeneko amati gawo la angelo, ndipo mpweya umalowa m'malo mwake. Mpweya umenewu ndi umene umagwira ntchito ya pang'onopang'ono imene ilibe njira yachidule: umafewetsa kuwawa kwa mtengo, ndipo m'kupita kwa zaka asidi ndi mowa zimagwirizana n'kubala mafungo a zipatso zakupsa amene munalibe pa chiyambi. Tangowerengerani nokha: mgolo umene ukutaya 2 peresenti pachaka, pakatha zaka 25 umakhala utataya pafupifupi magawo awiri mwa asanu, ndipo zonse zimene mtengo wapereka zimakhala zitaunjikana m'chakumwa chochepa chimene chatsalacho.

Tsopano ndifike pa mtundu wa mgolo, umene kwa ine ndiwo mtima wa funso lanu. Migolo yambiri ya ku Scotland imachokera ku America, chifukwa lamulo la kumeneko limafuna kuti wisiki wawo wotchedwa bourbon akhwimire m'migolo yatsopano yotenthedwa mkati, ndiye mgolo ukagwira ntchito kamodzi umagulitsidwa. Mgolo wotere ndi wa malita pafupifupi 200, ndipo amisiri ena amauphwasula n'kuumanganso kuti ukhale wa malita pafupifupi 250. Oki wa ku America amapereka vanila, kokonati, uchi ndi kutsekemera kopepuka, ndipo mtundu umakhala wagolide wowala. Migolo ina ndi imene munakhalapo vinyo wa sherry wa ku Jerez m'dziko la Spain, makamaka mitundu yake yotchedwa oloroso ndi Pedro Ximénez, ndipo ikuluikulu yake ndi ya malita pafupifupi 500. Kale vinyoyu ankatumizidwa ku Britain ali m'migolo, ndipo migoloyo ikatha ntchito inkapita kwa otcheza wisiki, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 sherry amathiridwa m'mabotolo ku Spain komweko, kotero masiku ano migolo yambiri ya sherry imapangidwa mwadala n'kuviikidwa ndi vinyo kwa kanthawi kuti ikatumikire wisiki. Imeneyi imapereka mphesa zouma, nkhuyu, makoko a malalanje, mtedza ndi zokometsera monga sinamoni ndi jinja, ndipo ikakhala ya oki wa ku Ulaya imawonjezera kuuma kwa m'kamwa kumene kumatsalira mukameza. Fakitale ya Glenfarclas, imene yakhala m'manja mwa banja la Grant kuyambira 1865, ndi chitsanzo chabwino cha kakomedwe kameneka. Ndikuganiza kuti botolo lanu la zaka 18 lili ndi migolo ya sherry yochuluka kuposa la zaka 12, monga mafakitale ambiri amachitira, ndipo ngati zili choncho, zimene munayerekezazo si zaka zokha ayi, koma mitundu iwiri ya migolo.

Palinso kutopa kwa mgolo, kumene anthu ambiri sakuganizira. Mgolo umene ukulandira wisiki wa ku Scotland koyamba umakhala ndi mphamvu zochuluka, ndipo zaka 10 kapena 12 zimaukwanira kupereka zambiri. Mukausiya zaka 30 ukhoza kumukwirira wisiki yense. Umene ukudzazidwa kachiwiri kapena kachitatu umapereka mwapang'onopang'ono, ndipo m'migolo yotereyi ndi mmene mumachokera wisiki wakale wambiri wokoma modabwitsa, chifukwa mtengo umasiyira mpata nthawi ndi mpweya kuti zigwire ntchito. Koma mgolo wotheratu mphamvu ungasunge wisiki zaka 25 n'kumutulutsa wotumbuluka ndi wosakhwima.

Malire alipo ndithu. Wisiki wokhalitsa mumgolo wamphamvu amafanana ndi tiyi amene masamba ake aiwalidwa m'madzi otentha, mtundu n'kukongola koma m'kamwa muli kuwawa ndi kuuma basi. Ndiponso, popeza nyumba zosungiramo migolo ku Scotland n'zozizira ndi zachinyezi, ukali umanka nutsika chaka ndi chaka, ndipo ukatsika pansi pa 40 peresenti chakumwacho sichingalowe m'botolo ndi dzina la wisiki chili choncho. Kampani ya Gordon & MacPhail inatulutsa mu 2021 wisiki wa zaka 80 amene anatchezedwa ku fakitale ya Glenlivet mu 1940, koma mgolo wopirira motero ndi wosowa kwambiri, ndipo sungakhale muyeso wa ina yonse.

Mayi Wokonda Utsi

Ndawerenga yankho la akuluwa mwachidwi, ndipo pa za migolo sindingawonjezere kanthu. Koma bambo, ndiloleni ndikutsutseni pang'ono pa mfundo imodzi, yakuti mgolo ndiwo mtima wa nkhani. Mgolo umagwira ntchito pa chimene wapatsidwa. Wisiki wa mafakitale awiri osiyana mutamuthira m'migolo yofanana tsiku limodzi, pakatha zaka 18 simudzapeza chakumwa chimodzi, ndipo chifukwa chake chagona m'zimene zinachitika asanakhudze n'komwe mtengo.

Madzi otsekemera a chimera akawira ndi yisiti kwa masiku awiri okha, wisiki amakonda kukhala wa fungo la mbewu ndi mtedza. Akasiyidwa masiku atatu, anayi kapena kuposerapo, zipatso zimachuluka. Kaumbidwe ka mphika nako n'kofunika zedi. Miphika yotchezera ya ku fakitale ya Glenmorangie ili ndi makosi aatali kupitirira mamita asanu, ndipo nthunzi yolemera imalephera kukwera n'kubwerera pansi, kotero chotulukacho chimakhala chopepuka, cha fungo la maluwa ndi malalanje. Ya ku Macallan ndi yaing'ono ndi yaifupi, ndipo imatulutsa wisiki wolemera, wamafutamafuta, amene amatha kulimbana ndi mgolo wa sherry kwa zaka zambiri osagonja. Mkuwa umene amapangira miphika ndi mipope ndi umene umachotsa sulufule mu nthunzi, ndiye ku mafakitale monga Mortlach ndi Talisker, kumene amaziziritsabe nthunzi mwachikale m'mipope yopindapinda yomizidwa m'thanki ya madzi, nthunziyo imakhudzana ndi mkuwa pang'ono chabe, ndipo wisiki amatuluka ndi thupi lolemera, mwakuti ambiri amamva kafungo ka nyama mwa Mortlach. Wisiki wolemera chonchi amafuna zaka zambiri ndipo amazinyamula bwino, pamene wopepuka amakhwima msanga koma amakwiririkanso msanga. Achimwene amene mwafunsanu, ngati chimene munachikonda ndi chimera ndi maapozi, ndiye kuti munakonda khalidwe la fakitaleyo, ndipo khalidwe limenelo limamveka bwino pakati pa zaka 10 ndi 15 kusiyana ndi pa zaka 25.

Palibe pamene kutaya kumeneku kumaonekera poyera kuposa pa wisiki wa utsi. Pachilumba cha Islay, mafakitale ngati Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg amagwiritsa ntchito chimera choumitsidwa ndi utsi wa peat, limene ndi dothi lakuda la zomera zimene zinavunda m'madambo kwa zaka zikwi zambiri, ndipo utsiwo umamatirira ku chimera. Nambala za kuchuluka kwa utsi zimene anthu amakonda kutchula nthawi zambiri amaziyeza pa chimera, osati m'botolo. Gawo lalikulu limatayika potcheza, ndipo m'zaka za mumgolo utsi umanka nufatsa. Laphroaig wa zaka 10 amakugwirani mphuno ndi phula la pamsewu, ayodini ndi ndere za m'nyanja. Mwa Lagavulin wa zaka 16 utsi ulimo wambiri, koma wakhazikika ndipo wasakanikirana ndi kutsekemera kwa zipatso zouma. Mukalawa wisiki wa pa Islay wa zaka 25 kapena 30, utsi umakhala utabwerera m'mbuyo n'kusiya fungo la phulusa lozizira ndi chikopa, ndipo kutsogolo kumabwera zipatso monga chinanazi ndi mango zimene simukanaziyembekezera. N'zokoma kwambiri, sindikukana, koma chimenecho ndi chakumwa china, ndipo munthu wokonda utsi wamoyo amamva kuti walandidwa kanthu. Ine ndili m'gulu limenelo, ndipo mutandiikira patsogolo wa zaka 16 ndi wa zaka 30, masiku ambiri dzanja langa lingapite kwa wa zaka 16. Ndinenenso kuti peat si imodzi: ya ku zilumba za Orkney, imene fakitale ya Highland Park imagwiritsa ntchito, inapangika makamaka ndi tizitsamba ta heather chifukwa kumeneko mitengo n'njosowa, ndipo utsi wake ndi wofatsa kuyambira pa chiyambi, wonunkhira mwamaluwa, kotero zaka siziusintha moonekera monga zimachitira ndi wa pa Islay.

Chinanso n'chakuti chaka sichilemera mofanana paliponse. M'mayiko otentha monga Taiwan, kumene kuli fakitale ya Kavalan, ndi India, kumene kuli ya Amrut, mgolo umatha kutaya 10 peresenti kapena kuposerapo pachaka, ndipo mtengo umapereka zake mofulumira kwambiri, mwakuti single malt wa zaka zisanu amatha kuda ndi kulemera ngati wa zaka zambiri wa ku Scotland. Koma m'kumva kwanga, kufatsa kumene mpweya umabweretsa m'zaka 20 za m'nyumba yozizira sikutheka kukufulumizitsa ndi kutentha.

Mlawi Watsopano

Zikomo kwambiri bambo, zikomonso mayi, mayankho anu awiriwa akuthandizana ngakhale akuoneka ngati akutsutsana. Ndawerenganso zolembedwa pa mabotolo aja, ndipo pa la zaka 18 atchuladi migolo ya sherry, pamene pa la zaka 12 atchula migolo ya ku America. Ndatsala ndi mafunso ena ochepa okhudza kalawidwe. Kodi kuda kwa mtundu ndingakudalire ngati umboni wa zaka? Ndiponso ena amati kuthira madzi mu wisiki wakale n'kumunyoza, pamene ena amati popanda madzi simungamumve bwino, ndiye zoona zili pati? Nanga botolo la zaka 12 nditalisunga osalitsegula kwa zaka zina zisanu ndi chimodzi, kodi lidzayandikira kwa la zaka 18?

Wosunga Mabotolo

Achimwene, ndiyambe ndi funso lomalizali chifukwa yankho lake ndi lalifupi: ayi, silidzayandikira. Wisiki amakhwima mumgolo mokha, pakuti galasi silipuma ndipo lilibe chimene lingapereke, kotero botolo la zaka 12 lidzakhalabe la zaka 12 ngakhale mulisunge zaka 30. Mulisunge chiimire, osaligoneka monga amachitira ndi vinyo, chifukwa ukali wa wisiki umawononga chitsekerero, ndipo likhale kutali ndi dzuwa. Likatsegulidwa n'kutsala pang'ono pansi, mpweya wochuluka wa m'botolomo umachititsa fungo kuzilala, ndiye ndi bwino kuthira wotsalayo m'kabotolo kakang'ono.

Mtundu musaudalire kwambiri. Malamulo omwe aja a 2009 amalola kuthira karamelo wopatsa mtundu, amene amalembedwa kuti E150a, ndipo mafakitale ambiri amatero kuti mabotolo awo azioneka mofanana chaka ndi chaka. M'mayiko ena, monga Germany, pa botolo pamayenera kulembedwa ngati mwathiridwa zimenezi, koma m'mayiko ambiri sizilembedwa. Ngakhale pamene mulibe karamelo, mtundu umakuuzani za mgolo osati za zaka, moti wisiki wa zaka 8 wa mumgolo wa sherry wodzazidwa koyamba akhoza kuda kuposa wa zaka 30 wa mumgolo wa bourbon wodzazidwa kachitatu. Chimene ine ndimayang'ana pa botolo ndi ukali, ndiponso ngati wisikiyo anasefedwa atamuziziritsa. Kusefa kotereku kumachotsa timafuta tina timene timachititsa wisiki kuchita mbuu akazizira kapena akathiridwa madzi, ndipo popeza pa 46 peresenti kapena kuposerapo kuchita mbuuko sikuonekera wamba m'botolo, opanga ambiri amene sasefa motero amasankha nambala imeneyi. Anthu amatsutsana ngati kusefako kumachepetsadi kukoma, koma ine ndimamva kuti wosasefedwa amamata bwino m'kamwa, ndipo kwa wisiki wakale, amene ulemerero wake waukulu uli m'thupi lake, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Pa za madzi, mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Akatswiri osakaniza wisiki akamanunkhiza pa ntchito yawo amamusungunula mpaka pafupifupi 20 peresenti, chifukwa ukali umagonetsa mphuno. Mu 2017 ofufuza awiri a pa Linnaeus University ku Sweden anaonetsa, pogwiritsa ntchito makompyuta, kuti guaiacol, chimodzi mwa zinthu zopatsa fungo la utsi, amakwera pamwamba pa chakumwa ukali ukatsitsidwa, pamene ukali ukakhala wokwera kwambiri amamira mkati. Choncho wisiki amene walowa m'botolo ndi ukali wa mumgolo, wa 55 kapena 60 peresenti, amatseguka ndithu ndi madzi. Koma wa zaka 25 amene ali kale pa 43 peresenti ndi wosalimba, ndipo madzi akachuluka thupi lake limasweka, zipatso zimathawa, n'kutsala matabwa okhaokha. Lawani kaye osathira kanthu, kenako thirani madontho awiri kapena atatu, dikirani pang'ono, lawaninso, pokumbukira kuti madzi mungawonjezere koma simungawachotse. Ayezi ndiye ndimamupewa pa wisiki wakale, chifukwa kuzizira kumatsekera fungo limene linatenga zaka zambiri kuti lipangike.

Tambula ikhale yamimba pansi ndi yopapatiza kukamwa kuti fungo lisonkhane, ndipo mukathira mupatseni mphindi 10 kapena 15, popeza wisiki wakale satulutsa zonse nthawi imodzi. Nunkhizani pakamwa pali potseguka pang'ono, mphuno osailowetsa kwambiri. Pofuna kusiyanitsa mtengo ndi chimera, sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi: lero fakitale imodzi, zaka zofanana, koma mgolo wa bourbon ndi wa sherry, tsiku lina mafakitale awiri, koma migolo ya mtundu umodzi. Chimene sichinasinthe pa ulendo woyamba ndi khalidwe la fakitale, ndipo chimene sichinasinthe pa ulendo wachiwiri ndi mtengo. Thirani pang'ono chabe ndipo musapitirire mitundu itatu, chifukwa mphuno imatopa, ndipo mowa ukayamba kugwira mutu kuphunzira kwathera pomwepo.

Mkulu wa Migolo

Mayi, mwanena zoona kuti mgolo umagwira ntchito pa chimene wapatsidwa, ndipo mfundo yanu ya wisiki wolemera ndi wopepuka ikufotokoza chifukwa chake mafakitale ena amawala pa zaka 12 pamene ena amayamba kudzionetsa pa zaka 18 kapena 21. Komabe sindikufuna kuti achimwenewa aganize kuti zaka zilibe mphatso yawoyawo, pakuti ilipo, ndipo sipezeka mwa njira ina.

Wisiki wakale akakhwima bwino, choyamba chimene ndimamva si fungo latsopano ayi, koma kugwirizana. Mwa wamng'ono mumatha kuloza kuti apa pali chimera, apa pali vanila, apa pali ukali, koma mwa wakale malire amenewo amafufutika, ndipo ukali sumvekanso pawokha ngakhale nambala yake ikhale yofanana ndi ya wamng'onoyo. Kenako pali thupi lake, limene limayenda mwapang'onopang'ono pa lilime n'kukuta m'kamwa monse. Palinso mafungo amene mwa wamng'ono sapezeka kawirikawiri, monga phula la njuchi, chikopa chakale, fodya wouma wosayatsa, matabwa opakidwa polishi, jamu wa malalanje wowawirako, ndipo nthawi zina kafungo ka chinyezi kokumbutsa nyumba zosungiramo zachikale zija za pansi padothi, mmene migolo imasanjikizidwa itatu yokha. Mukameza, kakomedwe sikazima msanga ndipo kamasinthasintha: kutsekemera kumapita, zokometsera zimabwera, kenako kumatsala kuuma pang'ono.

Kuuma kumeneko ndiko koyenera kukutchera khutu. Kukakhala kochepa kumagwira kutsekemera kuti kusatopetse, ndipo ndi gawo la kukongola kwa wisiki wakale. Koma kukafika pomanga nkhama ndi kusiya kuwawa kumbuyo kwa lilime, zipatso n'kumamveka m'mphuno mokha koma m'kamwa mulibe, ndiye kuti mtengo wapambana, ndipo wisikiyo anayenera kutuluka mumgolo zaka zingapo zapitazo. Mukalawanso botolo lanu la zaka 18, achimwene, onani ngati zipatso zouma zimene mphuno yalonjeza zikufika mpaka pomeza, ndiponso ngati pansi pa sherry mukupezabe khalidwe la fakitale ngakhale pang'ono. Ngati mulibe, funani wa zaka 18 kapena 20 wochokera m'migolo ya bourbon yodzazidwa kachiwiri, chifukwa m'menemo ndi mmene mungamvere zaka popanda sherry kulankhula m'malo mwake. Mabotolo otere amapezeka kawirikawiri kwa makampani oima paokha amene amathira okha m'mabotolo wisiki wa mafakitale ena, monga Gordon & MacPhail, Cadenhead's ndi Signatory, ndipo pa mabotolo awo a mgolo umodzi amakonda kulemba chaka chotchezera, chaka chothira m'botolo, mtundu wa mgolo ndi ukali wake.